CHENJEZO KWA MTUNDU WONSE: Salamanda Wogula Kumene Angatibweretsere Matenda M'nyumba ndi M'mitsinje

Kwa makolo ndi aphunzitsi, kwa ogulitsa nsomba zoweta ndi tinyama ta m'nyumba, kwa madalaivala ndi makondakitala a mabasi odutsa pa Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, kwa ogwira ntchito m'zipata za dziko lino, ndiponso kwa abale athu a ku Britain, ku Joni ndi kwina konse amene mumabwera ndi mphatso za ana: wakutsina khutu ndi mnansi.

Musagule, musatumize, musalandire kanyama kotchedwa salamanda kapena axolotl popanda chilolezo cha boma ndi chikalata cha dokotala wa ziweto. Ngati muli nako kale, kaikeni pakokha lero lomwe. Ana aang'ono asakagwire. Madzi a m'thanki mwake asafike m'ngalande, padambo kapena mumtsinje. Kanyama kogula kumene kamatha kuoneka konenepa ndi kosalala pamene m'mimba mwake muli njoka, pakhungu pake pali tizilombo, ndipo kasenza matenda amene anapulula kale nyama m'nkhalango za maiko ena. Ena mwa matendawo amagwiranso munthu.

Kanyama kameneka n'kotani?

Ambiri a ife sitinamuonepo salamanda ndi maso, n'chifukwa chake alibe dzina m'Chichewa. Mutamuona mungati ndi buluzi: miyendo inayi, mchira wautali, mutu wophwatalala. Koma alibe mamba. Ndi msuweni wa chule, wa khungu lonyowa ndi loterera, wokonda malo ozizira ndi achinyontho. Padziko lonse pali mitundu yoposa 700, yambiri ku America, ku Ulaya ndi ku Asia. Mu Africa amapezeka kumpoto kokha, ku Morocco, Algeria ndi Tunisia. Kumwera kwa chipululu cha Sahara kulibe ndi mmodzi yemwe wachilengedwe. Salamanda amene mungamuone ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, dziwani kuti wachita kubwera m'katundu wa munthu.

Nkhani yonse yagona pakhungu lake. Salamanda samwa madzi ndi pakamwa ngati galu, amamwera pakhungu. Amapumiranso pakhungu pomwepo, moti mitundu yoposa theka ilibe n'komwe mapapo. Chimene chakhudza khungulo chalowa m'thupi: sopo wotsalira m'manja, mafuta odzola, klorini wa m'madzi a pampopi, mankhwala opopera udzudzu. Chimene chili pakhungulonso chimatsukikira m'madzi amene iye akukhalamo. Thanki ya salamanda wodwala ndi mtsuko wa matenda.

Amene watchuka kwambiri pa TikTok ndi pa Facebook ndi axolotl. Kwawo ndi m'ngalande za nyanja ya Xochimilco ku Mexico City. Iyeyu satuluka m'madzi akakula. Moyo wake wonse amakhala ngati mbululu yaikulu ya miyendo, ndi tinthenga titatu mbali iliyonse ya mutu timene amapumira, ndi kamwa looneka ngati akumwetulira. Mu 2021 anamuika m'sewero la pakompyuta la Minecraft, ana ambiri n'kuyamba kumulirira. Kwawoko ali pafupi kutha: mu 1998 ofufuza ankapeza pafupifupi 6,000 pa sikweya kilomita imodzi, koma pofika 2014 sankakwana 40. Ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama zotetezedwa, limene Malawi analowamo mu 1982. Kumudutsitsa malire popanda mapepala ndi kuphwanya lamulo.

Zimene ndinaona m'khichini mwa achemwali

Chaka china ndinakachezera achemwali anga ku England. Mwana wawo wa zaka zisanu ndi zitatu anali atangogulidwa tiasalamanda tiwiri ta m'madzi, takuda pamsana, tofiira kumimba, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake. Anatigula kwa munthu wa pa intaneti, ndipo tinabwera m'kabokosi ka pulasitiki konga ka majarini, muli ndere zonyowa. Sabata yoyamba tinkadya bwino. Sabata yachiwiri kamodzi kanayamba kukana chakudya, n'kumangokhala pamwala maso ali tuu.

"Amalume, kakungogona basi," anatero mwanayo, akukakankha ndi chala.

Ndinayang'anitsitsa. Mafupa a m'chiuno anali atayamba kuoneka, mchira utaphwa, ndipo pansi pa thanki panali ndowe yamadzimadzi, yotanuka ngati mamina. Madzulo ake ndinapeza achemwali akukhuthula thanki ija musinki, pambali pa poto wa nsima amene anamuviika.

"Achemwali, madzi amenewa mukuthira pamenepa?"

"Nanga ndithire kuti, achimwene? Si madzi wamba?"

Patapita masiku awiri dokotala wa ziweto anatenga kandowe kaja, n'kukapaka pagalasi, n'kutiuza kuti tisuzumire m'makina oonera tizilombo. Munali tinthu tonga tiulusi toyera, tikuphiriphitha. Kodwala kaja kanafa sabata yomweyo. Kanzake, kamene kankaoneka kathanzi, kanapezeka nato tinjoka tomweto. Wogulitsa uja foni yake inali itasiya kulowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene amabisa m'thupi

Asalamanda ambiri a pamalonda, makamaka otsika mtengo, amachita kugwidwa kutchire. Nyama ya kutchire imakhala ndi tizilombo take ndipo thupi limatipirira. Koma ikagwidwa, n'kuunjikidwa ndi zinzake zambirimbiri m'chidebe chimodzi, n'kuyenda masiku osadya, chitetezo cha m'thupi chimagwa, tizilombo tija n'kuswana mosaletseka. N'chifukwa chake matenda amaonekera sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndalama zitapita kale. Ngakhale oswanitsidwa m'mathanki, monga ma axolotl, amatengera matenda kwa anzawo m'sitolo, kudzera m'kaukonde kamodzi kogwiritsidwa ntchito m'mathanki onse.

M'mimba ndi m'mapapo mumakhala njoka zing'onozing'ono. Za mtundu wa Rhabdias zimakhala m'mapapo. Ana ake amatuluka ndi ndowe, amakulira m'dothi lonyowa la m'thanki, kenako n'kuboola khungu la kanyama komweko n'kulowanso. M'nkhalango kanyama kamachoka pamene kachita chimbudzi. M'thanki kamapondapo tsiku ndi tsiku, choncho njoka zimachuluka mpaka kamalephera kupuma. Za mtundu wa Strongyloides zimachitanso chimodzimodzi m'matumbo. Zizindikiro zake ndi kuonda pamene kakudya, ndowe zamadzi kapena zamagazi, kusanza, ndiponso nthawi zina thumbo kutuluka kumatako.

Pakhungu ndi pa tinthenga topumira pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, monga Trichodina ndi Ichthyobodo, timene timagwiranso nsomba. Khungu limachita chifunga chotuwa, limatulutsa chinthu choterera chambiri, ndipo kanyama kamadzikhula pamiyala. Palinso tooneka: misundu, tinthata tolowa pansi pa khungu n'kuchita timatuza tofiira ngati mapira, ndi kachilombo kotchedwa Lernaea kamene kamalendewera pathupi ngati kaulusi kosokeredwa. Mukaona zoyera ngati thonje pa tinthenga ta axolotl kapena pachilonda, nthawi zambiri chimenecho ndi chuku cha m'madzi chotchedwa Saprolegnia, chimene chimapezerapo mwayi madzi akatentha kapena akada.

Pali mabakiteriya, monga Aeromonas, amene amafiiritsa miyendo ndi kumimba ngati kanyama kapsa ndi madzi otentha, thupi n'kutupa madzi. Pali ranavirus, kavairasi kamene kamatulutsa magazi m'kati mwa thupi ndipo kamatha kupha thanki yonse m'masiku ochepa. Kavairasi kameneka sikasankha: kamagwira achule, asalamanda, nsomba, ngakhale akamba.

Kuno kwathu nyengo imawonjezera mavuto. Axolotl amafuna madzi a madigiri 16 mpaka 18, ndipo akapitirira 24 thupi lake limafooka. Mu Okutobala ku Lilongwe ndi ku Blantyre kutentha kumadutsa madigiri 30, ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumafika 40. Wina angati ndigula makina oziziritsira madzi. Nanga magetsi akathima tsiku lonse? Kanyama kofooka ndi kutentha ndiye munda wa tizilombo tonse tatchulidwati.

Zimene zinachitika ku Netherlands

Choopsa koposa zonse ndi fangasi, wa banja la chuku, wodya khungu. Kum'mwera kwa dziko la Netherlands, pafupi ndi mzinda wa Maastricht, kuli nkhalango yotchedwa Bunderbos, kumene kunkakhala asalamanda akuda a mawanga achikasu. Anthu odzipereka ankawawerenga chaka ndi chaka. Kuyambira mu 2008 anayamba kuwapeza atafa m'tinjira masana. Pofika 2013, pa asalamanda 100 alionse panatsala anayi okha.

Chaka chomwecho An Martel ndi Frank Pasmans, madokotala a ziweto a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium, pamodzi ndi anzawo, anapeza chimene chinkawapha. Anali fangasi wosadziwika kale, ndipo anamutcha Batrachochytrium salamandrivorans, mwachidule Bsal. Dzina lachiwirilo limatanthauza wodya asalamanda. Amaboola khungu timabowo tambirimbiri, kanyama n'kusiya kudya, n'kufooka, n'kufa pasanathe milungu itatu.

Mu 2014 ofufuza omwewo anasonyeza kumene anachokera. Asalamanda a ku Asia akhala naye fangasiyu kuyambira kalekale, ndipo ambiri sadwala naye. Akuganiziridwa kuti anafika ku Ulaya pamsana pa tinyama togulitsidwa kuti anthu aziweta m'nyumba, tonga tija ta mwana wa achemwali anga. Apa mpamene pagona phunziro: kanyama kamene kakubweretsa imfa kamakhala kathanzi, kakudya, kakusambira. Simungakazindikire ndi maso.

Kuchokera ku Netherlands matendawa anapezekanso ku Belgium ndi ku Germany. Mu 2015 anapezeka mwa asalamanda oweta ku Britain. Mu 2018 anabuka m'nkhalango ina ku Catalonia, m'dziko la Spain, kutali kwambiri ndi kumene anayambira. Maiko sanagone. Mu Januwale 2016 dziko la United States linaletsa kulowetsa mitundu 201 ya asalamanda. Canada inatseka chipata chake mu 2017. Bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse, limene pano likutchedwa WOAH, linaika Bsal pa mndandanda wa matenda ofunika kuwanena akabuka. Mu 2018 mgwirizano wa maiko a ku Ulaya unalamula kuti asalamanda odutsa malire azikhala ndi chikalata cha dokotala ndi kubindikiritsidwa milungu isanu ndi umodzi. Maiko a ndalama, a malabotale ndi madokotala ochuluka, anaona kuti njira yotsika mtengo ndi kutseka pakhomo.

"Ife tilibe asalamanda, tiopenji?"

Funso limeneli n'lomveka, ndipo yankho lake lili m'madambo mwathu. Bsal amapha makamaka asalamanda, inde. Koma tinyama ta pamalonda timasenzanso mkulu wake, Batrachochytrium dendrobatidis kapena Bd, amene amapha achule, pamodzi ndi ranavirus uja. Bd amakhuthalitsa khungu la chule, mchere wa m'thupi n'kusokonekera, mtima n'kuima. Asayansi anamuzindikira mu 1998. Kafukufuku wamkulu wa mu 2019 anapeza kuti wachepetsa mitundu 501 ya achule ndi abale awo padziko lonse, ndipo mitundu 90 ikuganiziridwa kuti inatheratu.

Matendawa amayenda ndi anthu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, achule a m'madzi a mtundu wa Xenopus ankatumizidwa kuchokera ku South Africa kupita m'zipatala za maiko ambiri kukagwiritsidwa ntchito poyeza ngati mayi ali ndi pakati: ankawabaya mkodzo wa mayi, ndipo chule akaikira mazira ankadziwa kuti mimba ilipo. Patapita zaka, Bd anapezeka pa achule a mtunduwu amene anasungidwa m'mabotolo mu 1938. Palibe amene ankadziwa kuti m'mabokosi muja mukupitanso china.

Tisapite kutali. Kwa anansi athu ku Tanzania, m'mapiri a Udzungwa, kuli mathithi a Kihansi. M'nthunzi za mathithiwo, pa malo okwana mahekitala awiri okha, munkakhala kachule kachikasu kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kamene sikaikira mazira koma kamabereka ana amoyo, ndipo sikapezeka kwina kulikonse padziko. Damu lamagetsi litatenga madzi ambiri a mathithiwo cha mu 2000, anaika mipopi yowaza madzi kuti kachuleko kapulumuke. Pakati pa chaka cha 2003 timachuleti tinalipo pafupifupi 20,000. Bd atalowa, m'miyezi yochepa munali zii. Mu 2009 kanalengezedwa kuti katha kutchire. Mbewu yake inapulumukira ku Bronx Zoo ndi Toledo Zoo ku America, kumene anali atapititsako achule pafupifupi 500 mu 2000, ndipo anayamba kutibwezera kwawo mu 2012 ndi ndalama zankhaninkhani.

Nafenso tili ndi achule amene sapezeka kwina koma kuphiri la Mulanje, monga Amietia johnstoni. Ofufuza analemba mu 2011 kuti Bd wapezeka kale m'dera la Mulanje. Zimenezi zisatipusitse kuti madzi atayika kale. Bd ali ndi mitundu ingapo, ina yaukali kuposa inzake, ndipo mitunduyo ikakumana imatha kubereka mtundu watsopano. Chule amene wazolowera mtundu wa kwawo angathe kufa ndi wachilendo. Asatinamizenso wina kuti kuno n'kotentha, fangasi sangakhale. Bd amakula bwino pakati pa madigiri 17 ndi 25, Bsal pakati pa 10 ndi 15. Amene anaviikapo phazi mumtsinje wa Likhubula, wa Mulunguzi pa Zomba, kapena m'timitsinje ta ku Nyika mwezi wa Juni akudziwa kuti malo oterewa tili nawo.

Tinaphunzira kale kuti chachilendo chikalowa m'madzi sichituluka. Namasupuni ndi duwa la ku South America limene anthu analifalitsa chifukwa cha kukongola kwake. Lero latsamwitsa mtsinje wa Shire. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anabuka ku Mchinji, boma mpaka linaletsa kupha ndi kugulitsa nsomba m'madera okhudzidwa. Chule si ndiwo kwa ambiri a ife, koma ndiye amadya tizilombo m'dimba usiku ife tili mtulo, ndipo iye ndi mbululu zake ndi chakudya cha nsomba, mbalame ndi njoka.

Za ana athu ndi odwala m'nyumba

Asalamanda ndi achule amatha kusenza mabakiteriya a Salmonella m'matumbo popanda kudwala. Mabakiteriyawo amatuluka ndi ndowe n'kudzaza madzi a m'thanki. Mwana akaviika dzanja, kenako n'kutenga chigumu, zatha. Pakati pa 2008 ndi 2011 ku United States anthu 376 m'zigawo 44 anadwala Salmonella wochokera kwa timachule toweta m'mathanki, ndipo pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi alionse anali ana osakwana zaka 10. Tonseto tinachokera kwa woweta mmodzi ku California. N'chifukwa chake bungwe la CDC la m'dzikolo limalangiza kuti ana osakwana zaka zisanu asagwire nyama zamtunduwu.

Matendawa amayamba pakadutsa maola asanu ndi limodzi kufikira masiku asanu ndi limodzi: kutsegula m'mimba, nthawi zina kwamagazi, kutentha thupi, kupotokola. Munthu wamphamvu amachira m'sabata imodzi. Koma kwa mwana wopereweredwa zakudya, mwana amene wangodwala malungo, agogo, mayi woyembekezera, kapena munthu amene ali ndi HIV, Salmonella amatha kulowa m'magazi. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akulemba kwa zaka zambiri kuti Salmonella wolowa m'magazi ndi mmodzi mwa adani aakulu a anthu oterewa kuno kwathu. Tisawonjezere nkhuni pamoto umene ukuyaka kale.

Palinso Mycobacterium marinum, msuweni wa kachilombo ka TB, amene amakhala m'madzi a m'mathanki. Amalowera pakabala ka m'dzanja. Pakapita milungu ingapo pamatuluka kachotupa kofiirira kosapola, nthawi zina tinzake n'kundandalikana kukwera kumkono, ndipo mankhwala ake amamwa miyezi. Mukapita kuchipatala ndi chotupa chotere, auzeni adokotala kuti mumagwira madzi a m'thanki, kuti asachedwe ndi kuganizira zina.

Chomaliza ndi poizoni wa pakhungu. Asalamanda ena a m'madzi, kuphatikizapo ofiira kumimba aja, ali ndi poizoni wotchedwa tetrodotoxin wofoola minofu yopumira. Mu 1979 bambo wa zaka 29 ku Oregon anafa atameza salamanda wa mtundu wa Taricha pochita masewera ndi anzake. Khanda limaika chilichonse m'kamwa. Galu ndi mphaka nawonso satha kufunsa.

Ngati muli nako kale, chitani izi

1. Kabindikiritseni milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, m'chidebe chakechake, m'chipinda chozizira chimene simudyeramo, simuphikiramo ndiponso simugona ana. Musakasakanize ndi nsomba, achule kapena salamanda wina. Ikaola imodzi, zaola zonse.

2. M'chidebe cha mbindikiro musaike dothi kapena timiyala. Ka pamtunda kayalireni mapepala oyera onyowa, osapakidwa inki, ndipo muzisintha tsiku lililonse. Ka m'madzi pansi pakhale popanda kanthu. Mukatero ndowe muziiona, ndipo njoka sizipeza poswanirana. Timiyala ting'onoting'ono axolotl amatimeza n'kutsekeka matumbo.

3. Kaukonde, ndowa, supuni, kansalu, zonse zikhale za kanyamako kokha. Zisalowe kukhichini.

4. Valani magolovesi opanda ufa, muwanyowetse musanakagwire, ndipo muzikagwira pokhapokha pakafunika. Mukatha sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono.

5. Tengani ndowe yatsopano, ya tsiku lomwelo, muiike m'kabotolo kotseka ili yonyowa, mupite nayo kwa dokotala wa ziweto. Kuyeza kamodzi sikukwanira chifukwa mazira a njoka satuluka tsiku lililonse. Yezetsani katatu, motalikitsa masiku. Funsaninso za kuyeza khungu pofufuza Bd ndi Bsal, kumene kumafuna labotale.

6. Musakapatse mankhwala a njoka a mbuzi, a galu kapena a ana. Madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala monga fenbendazole ndi metronidazole, koma mlingo wake amawerengera pa kulemera kwa kanyama ka magalamu ochepa, ndipo dontho limodzi lowonjeza limapha. Mankhwala ambiri a nsomba, makamaka okhala ndi kopa, ndi poizoni kwa asalamanda. Ofufuza a ku Ghent anapeza kuti kusunga salamanda pa madigiri 25 kwa masiku 10 kumapha Bsal, koma si mtundu uliwonse umene ungapirire kutentha kumeneko. Safunsa anadya phula.

7. Musakatolere mbululu, tinsomba kapena tizilombo ta kudambo kuti kadye. Mungakabweretsere njoka zina, ndipo chidebe chanu chingasiye matenda kudamboko.

8. Madzi ochotsa m'thanki muwawiritse, kapena muthiremo jiki, gawo limodzi pa magawo asanu ndi anayi a madziwo, akhale mphindi zosachepera 15, kenako muwathire m'chimbudzi. Osati musinki, osati pamaluwa, osati m'ngalande. Mapepala, ndere ndi dothi limene kanabwera nalo zitenthedwe.

9. Lembani m'kope tsiku lililonse: kadya kapena ayi, ndowe ikuoneka bwanji, madzi akutentha bwanji. Mukaona zilonda, timabowo pakhungu, kufundula kosalekeza, kufiira kumimba, kutupa, kuyandama chammbali, tinthenga topumira kufota, kapena kukana chakudya kupitirira sabata, thamangirani kwa dokotala.

10. Kakafa musakataye kudzala, musakapatse galu, musakakwirire pafupi ndi madzi. Kamangeni m'majumbo awiri mupite nako ku ofesi ya zaziweto tsiku lomwelo. Ngati n'kosatheka, katentheni mpaka phulusa.

11. Mukatopa nako, musakakatulutse kumtsinje poganiza kuti mukukachitira chifundo. Kakaperekeni kwa a zanyama zakutchire.

12. Wina m'nyumba akayamba kutsegula m'mimba, mupatseni madzi a ORS, mupite naye kuchipatala, ndipo munene poyera kuti kunyumba kuli kanyama kotere.

Kwa ogulitsa, onyamula katundu ndi akuluakulu

Inu ogulitsa, nyama yamoyo siilowa m'dziko muno popanda chilolezo cha nthambi yoona za umoyo wa ziweto, ndipo nyama yakutchire imafunanso chilolezo cha nthambi yoona za malo osungirako nyama. Funsani kwa amene akukugulitsani kuti kanyamako kanabadwira m'thanki kapena kanagwidwa kutchire, ndipo akuonetseni pepala. Akazengereza, bwezani ndalama m'thumba.

Inu madalaivala ndi makondakitala, kabokosi koboola timabowo, konyowa pansi, kamene mwapatsidwa ku Park Station ku Joni kuti "ndi ka mwana basi," katseguleni pamaso pa mwini wake. Kakagwidwa pachipata, amene mudzayankhe mlandu ndinu.

Inu a m'zipata, pa Kamuzu International Airport, pa Chileka ndi m'malire monse, salamanda amatha kubisidwa m'jumbo la nsomba zoweta kapena m'zomera za m'madzi. Madzi a m'jumbomo ndi oopsa mofanana ndi nyama imene ilimo, choncho asakhuthulidwe pansi. Itanani wa zaziweto.

Inu aphunzitsi, kanyama kotere kasakhale m'kalasi la ana aang'ono. Ngati mukufuna kuonetsa ana mmene mbululu imasandukira chule, dambo lili kuseri kwa sukulu, ndipo silifuna chilolezo.

Inu abale a ku Britain ndi ku Ulaya, kumene asalamanda achilengedwe ali m'maiwe a m'mapaki ndi kuseri kwa nyumba zanu, chenjezoli likukukhudzani kuposa ife. Ndowa imodzi yokhuthulidwa pakapinga ingathe kuyambitsa zimene zinachitika ku Bunderbos.

Amene mukudziwa kumene tinyamati tikugulitsidwa mobisa, kapena mwaona achule ambiri atafa pamalo amodzi popanda chifukwa chooneka, musawagwire ndi manja. Jambulani ndi foni, dziwitsani ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu kapena a zanyama zakutchire.

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, madambo athu amasokosa usiku wonse mpaka munthu kusowa tulo, ndipo timadandaula. Ku Kihansi kunalibe amene anaona tsiku limene matenda analowa. Anangozindikira pamene anapita kukawerenga n'kupeza miyala yokhayokha. Akuluakulu anati chule anadabwa, m'madzi muli mwake. Asadabwe chifukwa cha ndowa imene ili m'manja mwanu. Werengerani uthengawu anzanu kutchalitchi, kumzikiti, kusukulu ndi pamsonkhano wa mudzi, ndipo muutumize kwa m'bale wanu amene akulongedza katundu wobwera naye kumudzi.